Chinkhanira chachikulu cha pansi pa njerwa

Pa holide ya Disembala, mvula yoyamba itangogwa kwathu ku Nsaru, ndinkathandiza achimwene kusamutsa njerwa kuseri kwa chigafa. Nditanyamula njerwa ya pansi penipeni, ndinaona chinthu chakuda bii, chonyezimira, chotalika pafupifupi ngati chikhatho changa. Miyendo isanu ndi itatu, zopanira zonenepa ngati za nkhanu, mchira uli m'mwamba. Ndisaname, ndinakuwa. Achimwene anangoti, "Tasuntha iwe," n'kuchitswanya ndi khasu.

Usiku ndinafufuza pa foni. Chinkafanana kwambiri ndi mtundu umene asayansi amautcha Pandipalpus viatoris, umene katswiri wa ku Britain, Reginald Pocock, anaulemba m'mabuku mu 1890. Umapezeka kuno ku Malawi, ku Zambia, Tanzania ndi Mozambique, ndipo umakumba una. Mbale wake wotchuka, Pandinus imperator wa m'nkhalango za ku Ghana ndi Togo, amafika masentimita 20, koma azungu amamuweta m'nyumba.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kukula si kuopsa. Chinkhanira cha zopanira zazikulu ndi mchira wowonda chimadalira mphamvu pogwira tizilombo, ndiye ululu wake nthawi zambiri ndi wochepa. Choopsa ndi cha zopanira zowonda ndi mchira wonenepa, monga Parabuthus transvaalicus wa ku Zimbabwe, Botswana ndi South Africa, yemwe amatha kupha mwana.

Apa ndi pamene mtima wanga unagunda. Chaka chatha mwana wa achemwali analumidwa ndi kachinkhanira kofiirira kamene kanabisala m'nsapato. Tonse tinati, "Aaa, kakang'ono aka," n'kumupaka mafuta, iye akulira usiku wonse. Zikanakhala kuti chamuluma ndi chakuda chija, bwenzi titachita hayala njinga yamoto kuthamangira ku chipatala cha Kabudula nthawi yomweyo. Tinayeza ngozi ndi maso, ndipo ine wa ku yunivesite ndinali m'gulu lomwelo. Mwamwayi kunacha ali bwino.

Sindikunena kuti chakudacho muzichigwira ndi manja, chimaluma ndithu ndipo zimapweteka. Koma mwana akalumidwa, kukula kwa chinkhanira kusatiuze zochita. Akayamba kutuluka thukuta ndi dovu, kunjenjemera kapena kubanika, n'kuchipatala basi.

M'mawa mwake ndinawafotokozera achimwene zonsezi. Anamvetsera bwinobwino, kenako anati chikadzatulukanso china adzachiphabe.