Mkute wa ku Córdoba

Usiku wanga woyamba ku Córdoba, kum'mwera kwa Spain, ndinatsala pang'ono kugona ndi njala. Ndinatuluka cha m'ma 6 koloko madzulo kukasaka chakudya monga timachitira kwathu ku Bvumbwe, koma ndinapeza malo odyera ali otseka, dzuwa likuswa mtengo ngati masana, kutentha kopitirira madigiri 40. Ndinabwerera kuchipinda n'kumwa madzi basi.

Cha m'ma 9 koloko mnzanga wa komweko, amene tinali naye pa maphunziro a ulimi wothirira, anagogoda. "Tiye tikadye." Ndinamuyang'ana kawiri. Kwathu nthawi imeneyo mbale zatsukidwa kale, panja patsala agalu okha. Koma titatuluka, abale inu, tauni yonse inali itadzuka. Agogo pa mipando m'mbali mwa msewu, makanda m'tingolo tawo, ana akuthamangitsana pabwalo. Ndi mu July, ndipo dzuwa linali lisanalowe.

Tinadutsa pafupi ndi Mezquita, mzikiti waukulu umene unasanduka tchalitchi mu 1236, n'kulowa m'kabala kopanikiza. Kumeneko chakudya chimabwera m'timbale ting'onoting'ono totchedwa tapas, aliyense n'kumatapako. Kunabwera tinsomba tokazinga, ine n'kuseka chamumtima kuti uyu ndi usipa wavala suti. Kunabwera nyama ya nkhumba youmika, yodulidwa mopyapyala ngati pepala. Kenako kunabwera phala lofiirira, lozizira ngati lochokera mufiriji, pamwamba atawazapo dzira lowiritsa.

"Ichi ndi salmorejo," anatero mnzangayo, chifuwa chili patsogolo. "Chakudya cha Córdoba."

Ndinalawa. Kukoma! Nditafunsa zimene amaikamo anawerenga ndi zala: tomato wakupsa kwambiri, buledi wogona, adyo, mchere ndi mafuta a maolivi. Basi. Osaika pamoto. Anati agogo ake ankapanga chifukwa m'nyumba ya wolima m'munda wa eni, buledi wouma sankatayidwa.

Supuni inaima m'dzanja. Ndiye kuti ndakwera ndege pa Chileka, kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Madrid, kenako sitima, kudzadya mkute? Mkute wake wogula ndi ndalama ya yuro, mwini wake akuunyadira pamaso pa mlendo?

Mayi anga agulitsa tomato pamsika wa Bvumbwe kuyambira ndili wamng'ono. Amene mumadutsa msewu wa Limbe kupita ku Thyolo mukuidziwa milu ija. Tomato amene wafewa, wosagulika, ndiye ankabwera kunyumba. Amene ankagulika ndiye anandilipirira fizi. Ndili Fomu 2 kusukulu yogonera komweko, mayi anabwera kudzandiona atanyamula kalongonda ndi makaka m'kapoto, atamanga pansalu. Amene mukumudziwa kalongonda mukudziwa kuti saphikidwa mothamanga. Amafuna tsiku lathunthu pamoto, kutaya madzi n'kuthira ena, apo ayi akuledzeretsa. Mayi anali atataya tsiku la msika chifukwa cha kapoto kameneko.

Anzanga a m'tauni anali atayamba kale kundiseka za Chilomwe changa. Mayi atangotembenuka, ndinazungulira kuseri kwa hositelo n'kukhuthulira zonse kudzala. Kapotoko ndinakatsuka bwinobwino. Pa holide ndinawauza kuti zinali zokoma.

Nkhani imeneyi ndinali ndisanauzepo munthu, ndipo ndinkaganiza kuti ndinaiiwala. Inandipeza m'bala la ku Spain, supuni ili m'dzanja.

Pakati pa usiku tinasamukira kwina kukaonera flamenco. Kachipinda kakang'ono, gitala mmodzi, anthu awiri owomba m'manja. Mayi wina wachikulire anayamba kuimba ndi mawu osasa ngati ali pamaliro. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma tsitsi linandiima. Wovina anamenya pansi ndi zidendene mpaka matabwa kunjenjemera. Mnzanga anandinong'oneza kuti nyimbozi zinakulira makamaka pakati pa Agitano, anthu amene ananyozedwa ndi kuthamangitsidwa kwa zaka mazanamazana, ndipo mu 2010 bungwe la UNESCO linaika flamenco pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse.

"Nanga kwanu mumavina chiyani?" anafunsa.

Ndinati tchopa. Ndinamuuzanso kuti tchopa ali pa mndandanda womwewo kuyambira 2014, nsima kuyambira 2017. Anadabwa. Anati ndimuonetseko pang'ono. Apa m'pamene manyazi enieni anandigwira, chifukwa sindidziwa kuvina tchopa. Ng'oma zikalira kumudzi ndinkakhala m'nyumba ndi buku, kudziyesa wophunzira.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti umphawi ndi wokoma. Tomato kuolera pamsika ndi ndalama ya munthu imeneyo, ndipo palibe nyimbo ingabweze. Ndikungonena kuti anthu aja anasauka, ena anachoka mu umphawiwo, koma mbale ya agogo awo sanaitaye kudzala. Ine ndinataya.

Nditabwerako ndinasankha tomato wofewa m'dengu la mayi, n'kusinja ndi buledi wadzulo, adyo ndi timafuta ndinabwera nato m'botolo. Analawa, n'kukwinya nkhope.

"Mwaiwala kuika pamoto, achimwene?"

Ndinati amadya choncho. Anaseka mpaka misozi, koma mbale anamaliza. Ndipamene ndinalimba mtima.

"Amayi, mudzandiphikireko kalongonda."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ulendo uno mudya, kapena mukatsukanso poto?"

Ankadziwa, abale. Zaka zonsezi ankadziwa. Anati mwana amene wadya kalongonda sabweza poto osafunsa kuti wina abwera liti.

Loweruka likubwerali sapita kumsika. Nkhuni ndagula kale, ndipo madzi ndikataya ndine.