Mtolo Umaonetsa Amene Womanga Ankamuganizira

M'chaka cha 1998 boma la Malawi linayamba kugawa sitata paki kwa alimi ang'onoang'ono. M'kathumba kamodzi munkakhala feteleza, mbewu ya chimanga ndi ya mtundu wa nyemba, zokwanira kamunda kakang'ono. Kwathu ku Kabudula aliyense ankadziwa kuti zinthuzi zimayendera limodzi, pakuti mbewu ya haibulidi popanda feteleza siipindula. Komabe mlimi sankafunsidwa zoti muikidwe.

Nzeru yomweyi ndaipeza m'makompyuta. Debian, imene Ian Murdock anayambitsa mu 1993, ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kuigawa. Debian 12, yotuluka mu 2023, inali ndi mapaketi a mapulogalamu oposa 60,000. Ndani angasankhe limodzilimodzi pa unyinji wotere? N'chifukwa chake anthu ake amamanga mitolo. Pali paketi ina yotchedwa metapackage, imene mkati mwake mulibe pulogalamu, koma mndandanda chabe wa mapaketi ofunika kubwera pamodzi. Ukaitana dzina limodzilo, onse amatsatira ngati anapiye pambuyo pa make. Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiphukitsa kuchokera ku Debian mu 2004, imachitanso chimodzimodzi.

Ine monga wophunzira zilankhulo, chimene chimandikhudza ndi mitolo ya zilankhulo. Debian ili ndi mtolo wa Chifalansa, wa Chijeremani, ngakhalenso wa Chiamhariki cha ku Ethiopia. Mtolo wotere umabweretsa zilembo, dikishonale yokonza kalembedwe ndi zina zofunika pachilankhulocho. Wa Chichewa palibe. Sikuti zipangizo kulibiretu, poti mndandanda wa mawu a Chichewa wa pulogalamu ya Aspell ulipo. Vuto ndi lakuti zili mbalambanda, ndipo mphunzitsi wa ku Nsaru kapena ku Nambuma, amene amagula intaneti ndi ndalama za m'thumba mwake, sangathe tsiku lonse akuzisaka.

Apa pali kusiyana ndi sitata paki. Kathumba kaja kankabwera komata, pomwe ku Debian womanga mtolo ndi aliyense wodzipereka. Ntchito yake yambiri ndi yathu ya m'kalasi: kusonkhanitsa mawu, kugwirizana pa kalembedwe, ndi kumasulira malangizo a pa sikirini. Tikaisiyira akatswiri a makompyuta okha, mwana wa ku Namitete adzapitiriza kuona mzere wofiira pansi pa liwu lililonse la Chichewa limene walemba molondola.