Buku la Sunny ndi Dzina Limene Tinapatsa Mnzathu

Pali buku limodzi la chikuto chothaitha limene lakhala likuyenda m'manja mwa ife achinyamata a m'parishi muno. Mutu wake ndi Akata Witch. Analilemba ndi Nnedi Okorafor, mayi wobadwira ku America koma makolo ake ndi a ku Nigeria, ndipo linatuluka mu 2011. Mayi a mnzathu wina ataona kuti liwu lachiwiri la mutuwo litanthauza mfiti, analanda bukulo nalitsekera m'sutikesi.

Sitingawadzudzule mayiwo. Kwathu kuno liwu loti mfiti si la m'nthano ayi. Lagwetsetsa nyumba za agogo, lathamangitsa amasiye m'midzi, ndipo lasalitsa ana osalakwa, ngakhale lamulo la 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti. Choncho tinadzifunsa: kodi m'bukumu muli chiyani chimene chatigwira mtima chotere?

Nkhani yake ndi ya Sunny Nwazue, mtsikana wachialubino wa zaka 12. Anabadwira ku New York, koma banja lake linabwerera ku Nigeria iye ali ndi zaka 9. Kusukulu anzake amamunena kuti ndi "akata", liwu lonyoza munthu wakuda wochokera ku America. Amadziwa mpira koma dzuwa limamuletsa kusewera. Tsiku lina usiku, akuyang'ana lawi la kandulo, akuona masomphenya a kutha kwa dziko. Pambuyo pake anzake, Orlu ndi Chichi, akumuululira kuti iye ndi mmodzi wa anthu obisika okhala ndi mphamvu zodabwitsa, ndipo pamodzi ndi mnyamata wina, Sasha, akuyamba kuphunzitsidwa.

Pakati pa anthu obisikawo, chimene ena amachiona ngati chilema ndicho chimalozera mphatso ya munthu. Orlu amavutika kuwerenga, koma ndiye katswiri womasula zoipa zimene ena atchera. Sunny, amene ankamuseka kuti ali ngati mzukwa, amatha kuyenda pakati pa dziko looneka ndi losaoneka. Ngakhale ndalama zawo, zotchedwa chittim, zimagwa zokha pamene munthu waphunzira chinthu chatsopano, ndipo za mkuwa zimaposa za golide.

Titafika pamenepa, ena a ife tinayamba kuwerenga mwamanyazi. Tinakumbukira mtsikana wachialubino amene tinaphunzira naye ku pulayimale. Dzina lake la ubatizo tinalidziwa bwino, koma tinkamuitana napwere. Ankakhala kutsogolo penipeni, natsinzinira maso kuti aone pa bolodi, ife kumbuyo tikumuyerekeza. Pa nthawi yopuma ankabisala dzuwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo sitinapiteko kukakhala naye. Masamu ankatiposa tonse. Zimenezo tinangoti ndi mwayi. Sitinamumenyepo, n'chifukwa chake kwa zaka zonsezi takhala tikudziyesa osalakwa.

M'bukumu mulinso munthu woipa, Black Hat Otokoto, amene amaba ana ndi kuwapha pofuna mphamvu. Kwa owerenga a kutali, ameneyu ndi chilombo cha m'nthano basi. Ife sitingatero. Kuyambira mu 2014 dziko lathu linamva kawirikawiri za abale athu achialubino akubedwa, akuphedwa, ndi manda awo akufukulidwa, chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Mpeni sitinagwire, koma wopha amayamba waona kuti uyu si munthu ngati ena, ndipo phunziro limenelo ndi lomwe tinkaphunzitsana kumbuyo kwa kalasi kuja.

Nanga chikhulupiriro chathu chikutinji? Eklezia sazengereza pa nkhani ya matsenga. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2117, amakana machitidwe onse ofuna kugwira mphamvu zobisika kuti munthu alamulire nazo anzake. M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 8, Simoni wamatsenga anafuna kugula mphatso ya Mzimu Woyera ndi ndalama, ndipo Petro anamudzudzula kolimba. Tisanamizane: zimene Sunny akuchita m'nkhaniyi si zoti mkhristu aziyesere, ndipo mng'ono wathu wa zaka 12 asawerenge yekha popanda wamkulu wokambirana naye. Koma kuwerenga nthano si kupita kwa sing'anga. Tonsefe tinakulira pa nthano za agogo, m'mene nyama zimayankhula ndi ng'oma zimameza ana, ndipo tinatolamo nzeru osasanduka afiti.

Chifukwa chimene mabuku otere amakomera ana a msinkhu umenewu n'chosabisika. Pa zaka 12 kapena 13 thupi likusintha, mawu akusintha, ndipo aliyense mumtima amafunsa ngati mwa iye muli kanthu kaphindu. Ambiri a ife tinalandira sakramenti la Ulimbitso tili ndi funso lomwelo. Tinaloweza mphatso 7 za Mzimu Woyera kuti tikhoze mayeso a akatekisi, kenaka tinadikira kumva chachilendo m'thupi. Sichinabwere. Chimene chinabwera ndi Lolemba, ndi mtsikana uja ali yekha pansi pa mango. Pamenepo ndi pamene mphatso ya mphamvu inafunika, ndipo tinaikwirira.

Mayi aja titawafotokozera zonsezi, anatsekula sutikesi. Anatibwezera buku, natifunsa funso limodzi: "Nanga mnzanuyo ali kuti lero?" Tinayang'anana. Iwo anangoti mwana wa mnzako ngwako yemwe, nabwerera ku ntchito zawo.

Tafufuza, ndipo tamva kumene amakhala. Tagwirizana kuti Loweruka lino atatu mwa ife tikamuone. Mwina atilandira, mwina ayi. Ufulu umenewo ndi wake. Koma tikamuitana ndi dzina lake la ubatizo. Mutikumbukire m'mapemphero anu sabata ino.