Linga la ku Gondar

Munthu wocokera ku Kabulonga, akatsata msewu wa Independence Avenue kunka pakati pa mzinda wa Lusaka, apitirira mwala wa cikumbutso ca asilikari amene anafa pa nkhondo ziwiri zazikulu. Maina a malo ena amene anamenyerako anapatsidwa ku misasa ya asilikari athu, monga Tug Argan ku Ndola ndi Gondar ku Chipata. Maina awiriwa ali ndi phunziro limodzi.

Makolo athu anali kumanga malinga a mitengo pocinjiriza midzi yao kwa Angoni. Linga la masiku a mfuti limangidwa ndi maenje, waya waminga, mizinga yobisika ndi mabomba okwirira pansi. Koma anthu a m'linga liri lonse afuna zinthu ziwiri: cakudya, ndi njira yodzera thandizo. Mtsogoleri wanzeru ayamba wayang'ana zimenezi asanatume ana a eni kukafera pa cipata.

Mu August 1940 Mataliyana analowa m'dziko la British Somaliland, ndipo kazembe wao wa nkhondo anali General Guglielmo Nasi. Msewu wa ku doko la Berbera unadzera pa mpata wa Tug Argan. Asilikari a Northern Rhodesia Regiment anakumba maenje pa timapiri ta pamenepo, ndipo anzao a ku Nyasaland, a King's African Rifles, analinso pafupi. Nkhondo inayamba pa 11 August. Anthu athu analimbika ndithu, koma timapirito tinali totalikirana, kotero kuti a pa phiri ili sanathe kuthandiza a pa phiri ilo. Mataliyana analowerera pakati, nafuna kutseka msewu wa kumbuyo. Pa 15 August General Godwin-Austen, poona kuti anthu ace atsekeredwa, anawabweza ku Berbera, ndipo anaoloka pa zombo kunka ku Aden.

Caka cotsatira zinthu zinatembenuka. Addis Ababa anagwa mu April 1941, ndipo mfumu Haile Selassie inabwerera kwao mu May. Tsono Nasi yemwe uja ndiye anakhala m'linga. Anasonkhanitsa ankhondo ace ku Gondar, mzinda wa m'mapiri kumpoto kwa nyanja ya Tana, natseka mipata yonse yolowera kumeneko.

Angerezi sanafulumire. Inali nyengo ya dzinja, ndipo misewu inali matope okhaokha. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Iwo pamodzi ndi ankhondo a ku Ethiopia anazinga mpata wa kumpoto wochedwa Wolchefit, phiri loti munthu sangalikwere adani alikumuombera pamwamba. Anatseka njira ya cakudya, ndipo ndege zinali kuponya mabomba. Pakutha pa September a m'lingamo anagonja ndi njala.

Mvula itakata, General Charles Fowkes anabwera ndi magulu a King's African Rifles. Iye anafuna msewu wa kumwera, kuti mizinga ndi magalimoto zifike pafupi ndi mzinda. Koma msewuwo unatsekedwa pa mpata wa Kulkaber. Pa 13 November asilikari anakwerako, koma anabwezedwa, ndipo ena anatsala pomwepo. Fowkes sanabwereze njira yomweyo. Anaonjeza asilikari, natuma ena kukadzera kumbuyo kwa mpatawo. Pa 21 November anaukira mbali zingapo nthawi imodzi, ndipo Mataliyana, atamenya molimba mtima, anasowa kopenya. Kulkaber anagwa tsiku lomwelo.

Pamenepo Gondar anatsala ngati mudzi wopanda mpanda. M'mamawa pa 27 November asilikari anakwera zitunda za kum'mawa ndi kumwera kwa mzinda, ndipo a ku Nyasaland anali pakati pao. Dzuwa lisanalowe Nasi anagonja, ndi ankhondo ace oposa 20,000 anatula zida. Uku kunali kutha kwa nkhondo ya Mataliyana m'Ethiopia.

Onani tsono kuti Nasi anapambana ku Tug Argan podzera kumbuyo kwa adani ace, ndipo itapita miyezi 15 anagonjetsedwa ndi nzeru yomweyo. Koma okwera mapiri aja, ndi oponda mabomba okwirira, anali anyamata a m'midzi ya kuno ku Africa, amene anasiya makasu ndi makolo ao. Tsiku liri lonse limene mtsogoleri anadekha ndi kuganiza bwino, ambiri a iwo anapulumuka, nabwerera kwao.

Mafunso
1. Kodi anthu a m'linga afuna zinthu ziti ziwiri?
2. Cifukwa ninji asilikari athu anacoka pa Tug Argan?
3. Kodi Fowkes anasintha ciani atalephera pa 13 November?