Mabuleki a Galimoto Yochokera ku Joni

Pali anthu masiku ano, amene ndimachita manyazi kuwatcha amisiri anzanga, amene akamva kuti galimoto ikukayezedwa kuti ilandire COF, amaibwereka matayala abwino a tsiku limodzi, nachotsa babu la nyali yochenjeza padeshibodi, natchula mtengo wotsika kotero kuti ine, amene ndakhala ndikugona pansi pa magalimoto kuno ku Liwonde kuyambira Balaka isanapatulidwe kuchoka ku Machinga mu 1998, ndimaoneka wadyera ndikatchula wanga. Ntchito yawoyo akuluakulu adaitchula kale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ambiri ondifika ndi ana athu a ku Ntaja, ku Nsanama ndi ku Ulongwe, amene atakhetsa thukuta ku Johannesburg amabwerera kwawo ndi galimoto ya nambala ya GP, kudzera pa Beitbridge, ku Tete ndi pachipata cha Mwanza. Za mapepala sindichulutsa mawu: msonkho ulipiridwe ku MRA, apolisi aone nambala ya injini ndi ya chesisi kuti galimoto si yakuba, a Road Traffic ailembe m'kaundula wawo wa MalTIS, ndipo mwini wake alandire blue book ndi nambala ya MHG kapena BLK. Zimenezo ngakhale madobadoba oima pakhomo la ofesi amazidziwa pamtima. Nyali, hutala, magalasi ndi mawaipa nazonso mwana aliyense wa pagalaja angaziyang'ane.

Koma mabuleki ndiwo mlandu. Galimoto imene yadutsa maiko anayi itasenza mafiriji, matilesi ndi njinga, nthawi zina ikukoka ngolo pambuyo, imafika ma brake shoe akumbuyo atadyeka mbali imodzi kuposa inzake. Ndipo pamene oyeza aika matayala ake pamakina ozungulira aja, chimene amafuna kuona n'chakuti tayala lamanzere ndi lamanja agwire mofanana, pakuti galimoto yogwira tsidya limodzi imakokera dalaivala kutchire kapena pamaso pa lole yobwera. Chotero ndimatsegula madilamu onse awiri, ndipukuta fumbi, ndiyang'ana ngati silinda ikudontha, ndipo ndisintha mbali zonse pamodzi, ngakhale mwini wake alumbire kuti inayo ikadali yatsopano. Ndikamanga, ndimazungulitsa tayala ndi dzanja ndi kukhwimitsa pang'onopang'ono kufikira ndimve likukhudza mopepuka, kenaka ndibweza pang'ono. Pamenepo handibuleki imayamba kugwira isanakokedwe kufika m'mwamba.

Luso limeneli ndidalilandira kwa mkulu wina wachiyao amene tonse tinkawatcha Che Fundi, amene adaphunzira ntchito m'magalaja a boma a PVHO, munthu wofatsa, wosakweza mawu, amene Lachisanu lililonse ankasamba m'manja ndi sopo kufikira girizi yense atachoka m'zikhadabo asanapite kumzikiti. Miyezi yoyamba sadandilole kugwira sipanala. Ntchito yanga idali kukhala pampando wa dalaivala pamene iwo akubulida mabuleki, kuyambira tayala lakutali ndi masta, ndipo ndinkangomva mawu ochokera pansi akuti, "Popa, mwanangu, popa. Gwira!" Ndikagwira, iwo ankatsegula nipo kuti mpweya utuluke ndi mafuta, natseka ndisanabweze phazi, pakuti phazi lobwerera msanga limayamwa mpweya umene mwangoutulutsa. Tikatha, ankatengera galimoto pamsewu wafumbi, naiponda buleki mwadzidzidzi, natsika kukawerenga mizere ya matayala pansi, manja ali kumbuyo. Mzere umodzi ukatalika kuposa unzake, tinkabwerera kukayambiranso, ngakhale dzuwa litapendeka ndipo mwini galimoto akuyendayenda mopsa mtima. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makina a oyeza adabwera pambuyo pake, koma amafunsa funso lomwelo limene fumbi lija linkayankha.

Chimene chimandiwawa ndi mafuta a mabuleki. Mnyamata amene sadandaule kugula wailesi yogwedeza mudzi wonse ndi malimu onyezimira, akamva mtengo wa botolo la DOT 4 amayamba kundikumbutsa kuti ndife pachibale. Komatu mafuta amenewa amayamwa chinyezi akakhalitsa, ndipo galimoto ikamatsetsereka kuchokera paboma la Machinga kulinga ku Shire, mabuleki atatentha, madzi aja amawira, phazi n'kumira mpaka pansi galimoto ili pa liwiro lake, COF yatsopano ili phee pagalasi. Ena amafika ndi mapadi otchipa a pamsika, amene amalira sabata yoyamba ndi kudya disiki mwezi usanathe, nandipempha kuti ndingowaika. Ndimawabwezera m'manja mwaulemu.

Wofuna kuti galimoto yake idutse m'manja mwanga isanapite ku Zomba kapena ku Blantyre kukayezedwa, aibweretse kutatsala masiku awiri, asaitsuke kunsi kuti ndione pamene pakudontha, ndipo abwere ndi matayala amene adzayendere chaka chonse. Mtengo ndimautchula nditatsegula matayala onse anayi, iye mwini ataima pomwepo kuona ndi maso ake zimene ndachotsa.