Foni si belo la kaunjika

Abale anga a mumsika, ine monga mtolankhani nkhani ya David Miranda imandiwawa mpaka lero. Mu Ogasiti 2013, apolisi a ku Britain adamusunga maola pafupifupi 9 pabwalo la ndege la Heathrow, akuchokera ku Berlin kupita kwawo ku Brazil. Adamulanda foni ndi laputopu, ati potsata lamulo lothana ndi zigawenga. Chigawenga chake chiti? Mkuluyu adanyamula zikalata za atolankhani zokhudza zinsinsi zomwe adaulula Edward Snowden.

Sadangokhala chete ayi. Adakasuma, ndipo mu 2016 khoti la apilo lidati kumugwirako kudali kololedwa, koma lamulolo silinkateteza mokwanira ntchito ya atolankhani.

Mwina mukuti ndi zakunja izo. Nanga inu okaoda katundu ku Joni, mufoni mwanumo muli chiyani? Mpamba, maina a angongole, mauthenga a kunyumba. Belo alitsegule pachipata, ndi ntchito yawo imeneyo. Koma foni? Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limatiteteza ku zolandidwa katundu komanso kusuzumiridwa mauthenga. Wofuna yangayi ayambe wandionetsa chikalata cha khoti, risiti alembenso.