Handel wa pa kaunjika



Sabata yathayi ndimakonza m'nyumba, poti mwera unalowetsa mchenga mpaka m'makabati. Pansi pa mabuku akale a sikimu ndinapeza kabokosi ka CD kosweka pakona. Inu amene munali m'kwaya yathu mu 2004 mukukadziwa. Ndinangokhala pansi tsache lili m'manja, ntchito n'kuthera pomwepo.

Chaka chimenecho tinkaphunzira Hallelujah ya Handel. Tinali ndi mapepala a do-re-mi okopera pamanja, amene anandisiyira mphunzitsi wina wachikulire popuma pantchito. Ine ndine wa Jogalafe, nyimbo sindinazipitire kusukulu. Tonsefe, ine ndemwe, tinali tisanamvepo nyimboyo ikuimbidwa ndi akatswiri. Tinali ngati munthu wophika chambo amene sanachilawepo. Mpikisano wa makwaya unali utayandikira, koma anyamata a besi ankangolowa pamene afunira.

Nditalandira malipiro ndinakwera minibasi pa Kamuzu Road, ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100. Ndinayambira kwa ogulitsa makaseti ku Area 2. Lucius Banda analipo, Mlaka Maliro analipo, za uzimu ndiye osanena. Ndikati "Handel" ankangondiyang'ana. Mnyamata wina anandilozera kwa ogulitsa zipangizo za njinga, ati mahandulo ali uko!

Amene anandithandiza ndi bambo wina woyala mabuku akale m'mbali mwa msewu wa Malangalanga.

"Aphunzitsi, zimenezo musazifune kwa ogulitsa nyimbo," anatero. "Zimabwera ndi katundu wa azungu amene akubwerera kwawo, kapena zimagwera m'mabelo. Pitani ku kaunjika."

Ndinawoloka mtsinje wa Lilongwe pa kamlatho ka matabwa kolipiritsa kaja, kulowa mumsika wa Tsoka. Ndinazungulira mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka, pakati pa nsapato ndi zidole za ana, ndinaona katoni ya ma CD afumbi. Ndinagwada n'kuyamba kufukula ngati nkhuku. Wachisanu ndi chiwiri kuchokera pamwamba anali Messiah, wa kampani ya Naxos.

Apa ndinalakwitsa: ndinamwetulira. Wogulitsayo, amene anali atangondiuza kuti ma CD amenewa amagula ndi madalaivala okoleka pagalasi la minibasi, anakweza mtengo nthawi yomweyo. Tinanenerera mpaka tinagwirizana, koma nditatsegula bokosilo mtima unagwa. Munayenera kukhala ma CD awiri, koma munali imodzi yokha, yachiwiri. Ndinawerenga kapepala ka mkatimo manja akunjenjemera. Messiah ili ndi magawo atatu, ndipo Hallelujah imatseka gawo lachiwiri. Inalipo. Ndinalipira ndalama yosafika ya minibasi yobwerera kwathu.

M'kapepala momwemo ndi mmene ndinaphunzira zimene ndinakuuzani Lolemba lake. Handel anabadwira ku Germany mu 1685, analemba Messiah ali ku London mu 1741 kwa masabata atatu ndi masiku ochepa, ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742. Zina mwa ndalama za pakhomo zinawombola anthu amene anali m'ndende chifukwa cha ngongole. Aphunzitsi anzanga odziwa katapila, nyimbo imeneyi ndi yathu.

Tinabwereka wailesi yoimba CD, tinasonkherana ya mabatire, n'kutsekera mawindo a Fomu 4. Palibe anakhosomola. Chakumapeto kwenikweni, mawu onse atakwera pamodzi, nyimbo inangoti zii. Ndinaganiza kuti CD yadumpha. Kenaka Hallelujah womaliza anabwera pang'onopang'ono, molemera. Mtsikana wina wa alto, amene sankalankhula kawirikawiri m'kalasi, anati: "Aphunzitsi, ife paja timathamangira. Pamenepa pamafunika kudikira."

Pa mapepala athu chizindikiro chopumira chinalipo, koma tinkachilumpha poopa kuti anthu aziti taiwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akulu anatero, koma ine ndinazimvetsa tsiku limenelo. Mpikisano uja sitinapambane. Koma titafika pamalo paja, ana 40 anakhala chete pamodzi, holo yonse n'kukhala chete nawo. Chikho sichikanandipatsa zimenezo.

Kuyambira pamenepo, ndikapita ku Lilongwe sindinkabwerako osafukula katoni ya munthu. Ndinapeza Four Seasons ya Vivaldi, ndinapezanso Symphony No. 9 ya Beethoven, imene inaimbidwa koyamba ku Vienna mu 1824 mwiniwake ali wosamva. Amene mukufuna kuyesa, malangizo anga ndi awa. Funsani ogulitsa mabuku akale, osati a nyimbo. Tsegulani bokosi musanalipire, chifukwa ndinagulapo Mozart n'kukapeza reggae mkati. Iyang'aneni CD padzuwa kuti muone ngati yakalika. Makaseti asiyeni, kutentha ndi chinyezi cha kuno kunyanja zimawamata. Dzina la Naxos musalinyoze: kampaniyi inayamba mu 1987 ndi cholinga chogulitsa nyimbo zotere motchipa, ndipo zambiri n'zabwino. Chachikulu, musamwetulire.

Lero mwana wa Fomu 1 akhoza kupeza Messiah yense pa foni bola ali ndi bandulo, ndipo ndikukondwera nazo. Ineyo ndaimvera yonse kangapo pa YouTube. Koma ndikawaikira ana a masiku ano, chala chimafuna kudumphira ina mphindi imodzi isanathe. Inu munamvera CD imodzi yomweyo kwa miyezi, chifukwa ina kunalibe.

Tsono ana anga amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhale ku Joni: mukadzaona penapake CD yoyamba ya Messiah ili yokhayokha, yopanda inzake, mundigulire. Mbale wake ali kuno ku Senga Bay, wakhala akudikira kuyambira 2004. Ndalama ndidzabweza pa malipiro.